Liwu Limene Kamera Sinamve

Pamene ankaba Minna Lang, tonse tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba nawo, baji yaupolisi ili pachifuwa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira.

Munali mu Okotobala wa 1926. Anthu a kanema ochokera ku California anamanga matenti pa famu ya a Lang, m'mbali mwa mtsinje wa Llano, kudzajambula nkhani imene mwana aliyense wa kwathu ku Kaltenbach anakula nayo. Mu 1870 Akomanchi, mtundu wa eni nthaka akale a kuno, anawotcha nyumba ya a Hoffer n'kutenga Emil, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanaonekenso. Mlongo wake Ottilie anapulumuka. Tsopano Ottilie uja anali Mayi Lang, agogo aimvi, ndipo anakhala pampando pansi pa mtengo kuonerera mdzukulu wawo Minna, wa zaka zisanu ndi chimodzi, akusewera ngati iwowo ali mwana.

A Merritt Sloane, mkulu wa kanemayo, munthu wa nsapato zofika m'mawondo koma wosakwerapo kavalo chibadwire, anaikonza nkhaniyo mmene anafunira. Emil anamuchotsamo. Ankati anthu a m'mizinda salira akabedwa mnyamata, choncho wobedwa akhale mtsikana, bambo ake amulondole, amuwombole, onse akumbatirane. Mayi Lang atamva zimenezi anangopitiriza kuluka sokosi.

Sherifu, mkulu wa apolisi wa dera lathu, anali ku San Antonio kukachotsetsa mano. Ndiye boma lonse tsiku limenelo linali ine wachiwiri wake, Alwin Stehling, ndipo ntchito yanga inali kuthamangitsa agalu kuti asalowe m'chithunzi.

Cha m'ma teni koloko m'mawa anayatsa kanyumba ka matabwa kamene anamangira kuwotcha. Okwera akavalo analipo makumi atatu. Ena anali Akomanchi enieni amene anawaitana kuchokera ku Oklahoma, ambiri anali abusa a ng'ombe akwathu konkuno, koma onse anawapaka utoto umodzi n'kuwaveka tsitsi lakuda loyikirira, moti ngakhale mayi wobereka sakanazindikira wake. Dub Haskew, katswiri wa akavalo wa anthu a kanemawo, ndiye anayenera kutulukira mu utsi, kunyamula Minna, kupita naye kuseri kwa kaphiri, kenako kubwera naye.

Mphepo inatembenuka, utsi unaphimba bwalo lonse. Minna, atavala diresi loyera, anaima pomwe anamuuza, koma analira zenizeni chifukwa moto unakula kuposa mmene anamulonjezera. Ndiye mu utsimo munatuluka kavalo wamkazi wotuwa, wopanda chishalo.

Ine ndakulira pakati pa okwera akavalo, koma zoterezo sindinazionepo. Munthuyo anapendekera m'mbali mwa kavalo mpaka phewa lake linatsala pang'ono kukhudza udzu, anagwirira ndi chidendene chimodzi chokha. Kavalo sanachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Mwana anali pansi, kuphethira kumodzi mwana anali m'mwamba, ali pachifuwa pa munthuyo. Tsitsi linandiimirira. Amayi anakuwa, abambo anaponya zipewa m'mwamba, a Sloane analumphalumpha akukuwira wopukusa kamera m'chilipenga chawo cha malata kuti, "Chimenecho! Pukusa, Sol, pukusa, usaleke!"

Kavaloyo sanapite ku kaphiri. Analunjika ku mtsinje n'kuzimiririka m'mitengo. Ife tinangoti Dub wakometsa.

Tikuwombabe m'manja, kuseri kwa kanyumba koyakako kunatuluka munthu akutsimphina, tsitsi loyikirira lili m'manja, magazi akutuluka m'mphuno. Anali Dub Haskew.

"Mukuwombera ndani m'manja?" anafunsa Dub. "Mwana uja ali kuti?"

* * *

Gustav Lang, mwana wa Mayi Lang komanso bambo wa Minna, ndinaphunzira naye sukulu imodzi. Ndi munthu wabwino, koma mtima wake ndi wapachala. Ine ndisanamalize kutumiza anthu ku mtsinje, iye anali atatenga kale mfuti m'galimoto. Amene anatsata mapazi anabwera manja ali lende: kavalo analowa m'madzi pa thanthwe, ndipo panalibe wodziwa ngati analowera kumtunda kapena kumunsi.

Dub ndinamukhazika pa bokosi.

"Tayankhula, unali kuti?"

"Pansi, bwanawe, ndinali pansi ngati thumba la chimanga," anatero akupukuta mphuno. "Kavalo wanga anakana moto, anandiponyera kuseriko. Zaka khumi ndi zisanu ndikugwera ndalama, lero ndagwa ulere."

"Unaona ndani?"

"Miyendo. Munthu ukagona pansi umaona miyendo basi. Wina anathamanga kuchokera komwe amamangirira akavalo osagwira ntchito, anadula chingwe cha wotuwa uja, n'kulumphira pamsana."

"Nkhope?"

"Mu utsi umenewo? Ngakhale mkazi wanga sindikanamudziwa, ngakhale kuti ameneyo ndikanamumva mawu." Anaseka yekha, kenako anasiya. "Koma chimodzi ndinachiona, amwene. Anakwerera kumanja."

Kuno mwana amaphunzira kukwerera kavalo kumanzere asanaphunzire kupemphera. Okwerera kumanja tonse tinkawadziwa: ndi Akomanchi.

"Wamva, Alwin?" anatero Gustav, mawu ake ali otsika moopsa. "Anatenga amalume anga, lero atenga mwana wanga, ife tikuwaombera m'manja."

Amuna asanu ndi atatu anamutsatira ndi mfuti kupita ku tenti ya Akomanchi. Ndinathamanga n'kuwadulira kutsogolo.

"Gustav, ndipatse ola limodzi."

"Ola? Mwana wanga ali m'manja mwa munthu, iwe ukupempha ola?"

"Ukawombera anthuwa, ndani atiuze komwe wapita? Zungulirani tentiyo ngati mukufuna, koma woyamba kuwomba mfuti ndimuponya m'chitokosi ndi manja angawa, ngakhale akhale iwe."

Gustav anatulutsa wotchi yake.

"Ikakwana thwelofu, usandiyankhulenso," anatero.

* * *

Sol Perlman, wopukusa kamera, ndinamupeza atakhala pansi, atakumbatira bokosi la filimu ngati wina akufuna kumulanda. Anali kamunthu kowonda koyankhula mothamanga.

"Ine sindikudziwa kanthu, bwana wapolisi, ndikulumbira pa manda a mayi anga, ine ndimangopukusa. Akati pukusa ndimapukusa, akati leka ndimaleka."

"Inu ndi amene munali pafupi kuposa tonse. Munaona chiyani?"

"Ndinaona chithunzi chokongola kuposa chilichonse chimene ndajambula, Mulungu andikhululukire." Anafinya bokosi lija pachifuwa. "Koma ndinadziwa kuti si Dub. Tsitsi, bwana. Loyikirira lija limauma ngati mchira wa kavalo wakufa. La uyu linali lake lenileni, zingwe ziwiri zoluka, zaimvi. Ndi nkhalamba."

"Nkhalamba? Kukwera kuja?"

"Ndikukuuzani zimene galasi linaona. Ndipo sanamugwire mwana ngati mmene a Sloane amafunira, kumupachika pamkono akuphiriphitha. Anamufungatira, dzanja linaphimba mutu wa mwanayo kuti moto wothetheka usamugwere. Ine ndili ndi ana atatu, kagwiridwe kameneko ndimakadziwa."

"Anayankhula?"

Sol anakweza mapewa. Kanema wa masiku amenewo analibe mawu, ndiye osewera ankakuwa chilichonse chimene chabwera m'kamwa. Abusa akwathu aja ankathamangitsa akavalo akutukwana apongozi awo, ndipo palibe amene ankatchera khutu.

"Anakuwa mfuu yawo yankhondo," anatero Sol. "Kawiri, asanamunyamule. Ngati *shipatsi, shipatsi*, kaya *shupachi*. Ine Chikomanchi ndichidziwira kuti?"

Ndinalemba liwulo kuseri kwa envelopu. Mphindi makumi awiri zinali zitatha.

* * *

Amos Tahsuda, mtsogoleri wa Akomanchi aja, anakhala pakhomo pa tenti akupukuta utoto kumaso ndi kansalu, pang'onopang'ono, ngati mfuti zisanu ndi zinayi zomuzungulira zinali mitengo. Kwawo anali mlimi wa thonje ndi dikoni wa mpingo. Chingerezi ankachiyankhula bwino kuposa ine.

"Munabwera angati, a Tahsuda?"

"Khumi ndi awiri."

"Pano mulipo angati?"

"Munaphunzira sukulu, werengani."

Analipo khumi ndi mmodzi.

"Wasowa ndani?"

"Mkulu wina wosamala akavalo. Sasewera nawo, a Sloane anati ndi wokalamba kwambiri, sangakwanitse kukwera." Anapinda kansalu kaja. "Mwina tsopano asintha maganizo."

"Dzina lake?"

"Papepala la a Sloane analemba Joe. Tonse okalamba amatilemba Joe. M'chiyankhulo chathu dzina lake limatanthauza Waphokoso."

"Ndi wolongolola?"

"Sabata imatha osamva mawu ake."

"A Tahsuda, ola likatha anthu awa sindiwakwanitsa. Wapita naye kuti mwana?"

"Ndikanadziwa, mukuganiza kuti ndikanauza anthu ogwira mfuti chonchi?" Anandiyang'ana m'maso. "Mkulu ameneyo analera ana anga. Mwana wanu sangamupweteke. Chimene ndikuopa n'chimene mumuchite iyeyo."

Ndinatulutsa envelopu ija.

"Anakuwa liwu ili. *Shipatsi*. Limatanthauza chiyani?"

"Si lathu."

"Koma analikuwa munthu wanu."

"Ndati si lathu. Liwulo ndi lake yekha. Timalimva akamadyetsa tizibwenzi take." Analoza ndi mlomo kuseri kwa tenti. "M'mawa uliwonse amaba chimanga cha akavalo n'kuwazira timeneto."

Ndinatembenuka. Pafupi ndi matumba a chimanga panali timbalame totuwa tikujompha pansi, tikukangana, timene timadzaza khola lililonse m'dziko lino. Ndinaziyang'ana mphetazo, ndinayang'ana envelopu, ndipo ndinamva kuzizira kumsana dzuwa lili phwe. Liwulo ndinalilemba ndi makutu a munthu wa ku California. Nditalitchula ndi pakamwa pa mayi anga, mmene timayankhulira Chijeremani kunyumba, linatuluka lokha. *Spatz*. Mpheta. Theka la ana aakazi a ku Kaltenbach anakula akuitanidwa choncho.

Ndinakhala pansi pafupi ndi Amos.

"Maso ake ndi otani?" ndinafunsa chapansipansi.

"Mwachedwa kufunsa," anatero Amos. "Sabata ziwiri wakhala akumwetsa akavalo anu, palibe mmodzi anamuyang'ana kumaso. Ndi obiriwira ngati a mayi ali pansi pa mtengo apo."

"Nanga dzina lija analipeza bwanji?"

"Bambo anga analipo tsiku limene anamutenga. Ankati ana onse amathawira kutchire n'kubisala. Uyu anathamangira pabwalo poyera, kutali ndi mtsinje, akukuwa, akugenda akavalo ndi miyala. Anati mwanayu ndi wamisala kapena ndi wolimba mtima, ndipo chifukwa cha chimenecho sanamuphe."

"Bwanji sanabwerere kwawo nkhondo itatha?"

"Kafunseni kwawoko," anatero Amos.

* * *

Mayi Lang anali asanachoke pampando. Sokosi ija inali pamiyendo, singano zili chete. Amayi anzawo anawazungulira akulira, koma iwo maso anali gwa. Ndinapempha enawo kuti atipatse mpata, ndipo ndinagwada pafupi nawo n'kuyankhula chakwathu.

"Azakhali, ndani ankakuitanani Mpheta?"

Anandiyang'ana ngati ndawamenya.

"Iwe Alwin, ino ndi nthawi yocheza?"

"Munthu amene watenga Minna anakuwa liwu limenelo kawiri. Ndi nkhalamba ya maso obiriwira. Anamutenga kuno ali mwana."

Singano zinagwera pansi.

"Emil anamwalira," anatero. "Bambo anapita ku Oklahoma ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Kunamveka kuti kuli mnyamata wa tsitsi loyera pakati pa Akomanchi. Anabwerako okha, anati Emil anafa, dzina lake lisatchulidwenso m'nyumba." Anatseka maso. "Mayi anafunsa kuti manda ake ali kuti. Bambo anatuluka kupita kukhola. Ine ndinali mwana, koma ndinaona kuti munthu amene waona manda a mwana wake sakwiya choncho."

"Azakhali, tsiku lija munapulumuka bwanji? Timamva kuti bambo anu anakutetezani ndi mfuti."

"Bambo anali ku tauni, mayi anali kwa aneba kothandiza wobereka. Nkhani ya mfutiyo inabadwa pambuyo pake, pa mowa." Mawu awo anasanduka aang'ono. "Tinali awiri, ine ndi Emil. Ataona fumbi la akavalo anandibereka kumsana n'kuthamanga nane m'madzi kuti mapazi asaoneke. Anandilowetsa m'kaphanga kathu kobisalirana. Anati, Mpheta, tikusewera chibisalirano, werenga, usatuluke mpaka ndidzakuitane. Ine ndinali ndi zaka zisanu, ndinkadziwa kufika pa khumi basi. Ndikafika pa khumi ndinkayambiranso. Ndinamumva akukuwa kutali, akunka nakuwa. Anandipeza aneba patatha masiku awiri, ndipo anachita kundikoka miyendo ndikuwaluma, chifukwa Emil anali asanandiitane."

Ndinayang'ana kanyumba kaja kakufukabe utsi, pamalo omwewo pamene panali nyumba ya a Hoffer. Ndinaganiza za nkhalamba itaima ndi akavalo, ikuona moto, ikumva mfuu, n'kuona kamtsikana ka diresi loyera kakulira pakati pa utsi. Tinkafunafuna wakuba mwana, chonsecho pabwalo lonse lija munthu mmodzi yekha ndiye anathamangira kukamupulumutsa.

"Kaphangako kali kuti?"

"Sungakapeze. Gustav wakulira pano koma sakadziwa. Sindinauzepo munthu." Anagwira phewa langa n'kuimirira. "Bweretsa ngolo."

Wotchi yanga inati kwatsala mphindi zisanu.

* * *

Tinanyamuka atatu. Amos ndinamutenga ngati womasulira, ndipo kwa alonda aja ndinanama kuti ndikupita naye kuchitokosi. Gustav sindinamuuze, chifukwa ndinkadziwa kuti chala chake chimafulumira kuposa makutu ake. Kumeneko ndiko kulakwa kwanga kwachiwiri tsiku limenelo, pambuyo pa kuwomba m'manja kuja: ndinaiwala kuti ngolo imasiya mikwingwirima imene ngakhale wakhungu angaitsate.

Tinalowera kumtunda kwa mtsinje mpaka pamene kamtsinje kena kamathira mu Llano pakati pa makoma a miyala yoyera. Ngolo inathera pomwepo. Mayi Lang anakwinya diresi n'kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Mayi amene kutchalitchi ankachita kumugwira mkono pokwera masitepe atatu anayenda pa miyala yoterera osayang'ana pansi, ife amuna tikupunthwa pambuyo.

Malo amenewo ndinali ndisanafikeko, ngakhale ndinabadwira makilomita ochepa kuchokera pamenepo. Makoma anatalika mpaka thambo linatsala kamzere. Madzi ankadontha kuchokera m'miyala, zomera zobiriwira zikulendewera mbali zonse, ndipo kunali chete ngati m'tchalitchi anthu asanafike. Ndinapezeka nditavula chipewa osadziwa kuti ndavula nthawi yanji.

Kavalo wotuwa uja anaima m'madzi akumwa.

Kenako tinamva kamawu. Kankachokera m'khoma lenilenilo, kuseri kwa zomera, kakuwerenga m'Chijeremani.

"Zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi zinayi. Khumi. Chimodzi. Ziwiri."

Mayi Lang anagwira pakamwa.

Patsogolo pa zomerazo, pa mwala, panakhala nkhalambayo, mpeni uli m'manja, msana utatchinga khomo la phanga. Anali wamfupi, miyendo yamatewe ngati onse okulira pa kavalo, nkhope yakuda ndi dzuwa. Koma maso anali a Mayi Lang, a Gustav, a Minna. Anatiyang'ana ngati munthu amene wadzuka kumene osadziwa kuti ali m'nyumba ya yani.

Amos anamuyankhula mofatsa m'chiyankhulo chawo. Nkhalamba inayankha mawu ochepa.

"Akuti akudziwa tsopano kuti moto uja unali wamasewera," Amos anamasulira. "Anazindikira atafika kale kuno. Akuti akuopa kubwerera naye, chifukwa munthu wotenga mwana wa mzungu amadziwa mathero ake. Akuti tengani mwana, iye mumuchite zimene mumachita."

"Mufunseni chifukwa chake anabwera kuno ndi anthu a kanema," ndinatero.

"Akuti ankafuna kuona mtsinje. Akuti anamuona mayiyu tsiku loyamba, anamudziwa ndi kayendedwe. Koma bambo wake anabwera kale kudzamuona, anayang'ana tsitsi lake ndi zovala zake, anati uyu si mwana wanga. Akuti munthu sakanidwa kawiri ndi nyumba imodzi."

Pamenepo timiyala tinagubuduka kuchokera pamwamba. Ndinakweza maso. Gustav anagwada m'mphepete mwa khoma, mfuti ili paphewa, italunjika pachifuwa pa nkhalambayo.

"Mayi, chokani pamenepo!" anakuwa. "Alwin, achotse mayi anga! Ali ndi mpeni!"

Ine ndinali kutali, mfuti yanga ili m'chikwama. Sindikanachita kanthu, ndipo ndimavomereza. Mayi Lang sanathamange. Anayenda m'madzi mpaka anakaima pakati pa mfuti ndi munthuyo, osacheukira n'komwe kumwamba.

"Gustav," anatero ndi mawu amene ankamuitanira ali mwana akaba mapichesi, "tsitsa chinthucho. Ndinakulera kuti uziloza amalume ako ndi mfuti?"

Mawuwo anagunda m'makoma n'kubwerera. Mfuti inatsika pang'onopang'ono, ndipo Gustav anakhala pansi.

M'phangamo kamawu kaja kankapitirira. "Zisanu. Zisanu ndi chimodzi."

Mayi Lang anagwada m'madzi patsogolo pa nkhalambayo. Anatenga mpeni m'dzanja lake n'kuuika pamwala, iye osakana. Anagwira chingwe chimodzi cha tsitsi lake laimvi, anachiyang'ana bwinobwino, n'kuchibwezera paphewa pake mosamala.

"Emil," anatero. "Ndi ine."

Chijeremani chinamuthawa kalekale, anatsala ndi timawu towerengeka ta mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamuona akufunafuna mawu.

"Unati ndisatuluke mpaka udzandiitane," anatero Mayi Lang. "Sunandiitane. Anachita kundikoka. Ine ndakwatiwa, ndabereka, ndaika mwamuna m'manda, koma ndikagona ndimakhala ndili m'menemu ndikuwerenga. Ndatopa, Emil."

Amos anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma nkhalamba inakweza dzanja kumuletsa. Inagwira nkhope ya mlongo wake ndi manja awiri. Mawu anatuluka okhakhala, otchulidwa ngati mmene ana ankayankhulira kuno ine ndisanabadwe.

"Tuluka, Mpheta."

Zomera zinagwedezeka, Minna anatuluka chokwawa, diresi lili matope okhaokha, wopanda bala ngakhale limodzi. Anayang'ana agogo ake akulira mokweza pachifuwa pa munthu wachilendo, anayang'ana bambo ake akutsetsereka pakhoma akulira nawonso, kenako anandikoka malaya.

"A Stehling," anatero, "ndapambana ine kapena agogo?"

Ndinkachita mantha ngati amene munthu amachita akaona chinthu chachikulu kuposa iye, ndipo chipewa changa sindinavale mpaka tinatuluka m'makomamo.

* * *

A Sloane atamva nkhani yonse anafuna kuti tibwereze pamaso pa kamera, kuyambira pa mpeni. Mayi Lang anawauza kuti pofika Loweruka asapezeke pa famu yawo. Gustav anapita yekha ku tenti ya Akomanchi, wopanda mfuti, chipewa chili m'manja. Zimene anayankhula ndi Amos sindinazimve, koma anachedwako.

Emil sanamete tsitsi, ndipo m'nyumba sankagonamo, ankayala pakhonde. Kwawo ku Oklahoma anali ndi ana ndi zidzukulu, ndipo patatha mwezi mlongo wake anakwera naye sitima kukawaona.

Sherifu anabwera Lolemba, masaya ali otupa. Anawerenga lipoti langa, limene linali la mzere umodzi, n'kulibweza pa tebulo.

"Stehling, Chingerezi chako chikadali cha kukhola," anatero. "Walemba kuti ana apezeka. Anasowa ndi mwana mmodzi. Konza."

"Werenganinso, bwana," ndinatero. "Apezeka atatu."

Anandiyang'ana ngati ndaledzera. Lipotilo lili m'kabati ya ofesi mpaka lero, ndipo sindinalikonze.